Kalata yotseguka kwa komiti ya timu yathu: ana mwawatsekera kunja kwa geti

Kwa a Tcheyamani, a Mlembi, a Msungichuma ndi nonse a m'komiti ya timu ya m'komboni mwathu muno mu Lusaka,

Akuluakulu athu, tikupatsani moni mwaulemu. Tikudziwa kuti mipando imene mwakhalapo ilibe malipiro, ndipo nthawi zambiri ndalama ya minibasi yopita ku masewero akutali, ya oimbira ndi ya laimu wolembera bwalo imatuluka m'matumba mwanu. Zimenezo timaziona ndipo tikuthokoza. Kalatayi taiika poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza makolo, aphunzitsi ndi amayi ogulitsa pabwalo, anthu amene sakhala nawo pa misonkhano yanu. Cholinga chathu si kukuchititsani manyazi.

Pamsonkhano wanu wapitawu munagwirizana zinthu ziwiri: kuti mwana aliyense azilipira K10 pageti, ndiponso kuti timu ya ana osapitirira zaka 15 iyambe yaima mpaka ndalama zitapezeka. Chiyambire pamenepo, Loweruka likafika ana amaunjikana kunja kwa mpanda, kusuzumira m'mabowo a malata, mlonda n'kumawapirikitsa ndi chikwapu. M'kati mwatsala madala okhaokha, omwe aja anachemerera timuyi ikungoyamba. Tsiku lina tayendani m'mbali mwa bwalo muwerenge imvi. Zaka khumi zikubwerazi, ng'oma adzaimba ndani?

Yankho limene limaperekedwa talimva. Akuti ana a masiku ano anatengeka ndi Arsenal, Manchester United ndi Chelsea, za bola ya m'komboni alibe nazo ntchito. Ife sitikuvomereza. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita maola ambirimbiri ndipo ma TV a m'nyumba zambiri anali zii, koma ana sanadzaze bwalo lathu. Anali m'tinjira, kumenya chimpombwa cha mapulasitiki pakati pa miyala iwiri. Bola amaikonda, amaimenya tsiku ndi tsiku ngakhale opanda nsapato. Chimene sadziwa n'chakuti timuyi ndi yawo, chifukwa palibe anawaitanapo kapena kuwapatsa chochita. Mwana wobadwa mu 2012, chaka chimene Stoppila Sunzu anamenya penate yotipatsa chikho cha Africa ku Libreville, lero ali ku sekondale. Usiku umenewo sanauone, amangoumva kwa ife. Ngati chikho cha dziko lonse chili ngati nthano kwa iye, zigoli zimene timu yathu inamwetsa kale azidziwira kuti?

Tiyambe ndi K10 yapageti, tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa chaka tili ndi masewero 15 apakhomo, ndipo pa masewero alionse ana 20 akwanitsa kulipira. Imeneyo ndi K200 pa tsiku, K3,000 pa chaka chonse. Tikukayika ngati 20 amenewo amakwanadi, chifukwa K10 ya mwana imalimbana ndi ndiwo ndi malasha, ndipo ndiwo ndi imene imapambana. Otsala kunja ndi ochuluka kuposa olowa, ndipo ndi omwewo akanakokera bambo kapena amalume awo ku bwalo. Wamkulu wobwera chifukwa mwana wamukakamiza amalipira yonse pageti, amagula chitumbuwa ndi frizi kwa amayi a pabwalo, masewero otsatira n'kubweranso. Mwana wopirikitsidwa amapita kukaima pawindo la bala, kumene bola amaonera ulere ndipo palibe womukwapula. Kumeneko ndi kumene amaphunzira kukonda timu ya ku London, pamodzi ndi zina zimene sitifuna kuti aphunzire.

Chimene mukuopa tikuchidziwa: mukangoti ana ndi aulere, anyamata andevu adzasanduka ana. Njira yake ilipo ndipo si yodula. Wosakwana zaka 13 alowe popanda funso, ameneyo maso okha amamudziwa. Wa zaka 13 mpaka 17 akhale ndi kakhadi ka timu ka chaka chonse, kokhala ndi nambala, dzina ndi chidindo. Polembetsa abwere ndi kholo kapena kalata ya kusukulu, ndipo amene wakwana zaka 16 aonetse NRC, chitupa cha unzika, poti ndi msinkhu umene imatengedwa. Mayina alembedwe m'buku lachikuto cholimba: nambala, dzina, chaka chobadwa, sukulu, foni ya kholo. Bukulo lizisungidwa ndi a Mlembi okha, lisajambulidwe n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp. Pamene zotere zimalakwika ndi pa khadi losachongedwa. Limaponyedwa pamwamba pa mpanda, limodzi n'kulowetsa anthu asanu. Choncho wapageti akhale ndi pepala la manambala, azichonga aliyense wolowa. Pepala lomwelo lidzakuuzani kuti ndi ana angati amabwera ndiponso ndani wasiya kubwera, ndipo ndi limene mungaike pa tebulo la wabizinesi popempha thandizo, m'malo mongonena kuti tili ndi anthu ambiri.

Chachiwiri ndi nthawi. Masewero athu amalembedwa kuti 15:00. A ku England a Loweruka masana amayamba 16:00 nthawi yathu kuyambira Ogasiti mpaka chakumapeto kwa Okutobala, kenako 17:00 mpaka chakumapeto kwa Malichi, chifukwa kumeneko amasintha mawotchi. Ndiye kuti tikayamba 15:00 yeniyeni, mphindi 90 ndi zopumula 15 zimatha cha m'ma 16:50, ndipo kwa miyezi isanu munthu akhoza kuonera timu yake n'kukapeza ya pa TV ikungoyamba. Koma kwathu kuno 15:00 imasanduka 16:15. Mizere sinalembedwe, maukonde ali kunyumba kwa wina amene wapita ku maliro, oimbira akudikira ndalama yawo. Pamenepo tadzigundanitsa tokha ndi Premier League. Kuyambira Meyi mpaka Julayi dzuwa limalowa 18:00 isanakwane, ndiye mtsikana amakhala ataitanidwa kale kunyumba, ndipo mnyamata wa giredi 5 amakakalipiridwa chifukwa chofika kutada. Akakalipiridwa kawiri, kachitatu sabwera.

Ndandanda ya ligi simuikonza nokha, koma kuyamba pa nthawi kuli m'manja mwanu. Laimu alembedwe Lachisanu madzulo, Loweruka m'mawa kungobwereza pamene pafufutika. Maukonde azisungidwa malo amodzi odziwika ndipo amangidwe 12:00 isanakwane. Ndalama ya oimbira igone mu envelopu usiku wake.

Chachitatu ndi chimene mayi amaona akaima pageti. Funsani amayi a m'komboni muno chifukwa chimene salolera ana kubwera, mudzamva zomwezomwezo: mowa, kutukwana ndi chimbudzi. Kuseri kwa golo kumagulitsidwa kachasu m'timabotolo, ndipo oimbira akangoloza penate, zotukwana zimamveka mpaka kumsika. Miyala ikayamba kuuluka, woyamba kupwetekeka ndi wamfupi amene sanaone kumene yachokera. Lamulo la dziko lino sililola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo Children's Code Act ya 2022 inaletsa kukwapula mwana ngati chilango. Chikwapu cha mlonda chija, kuwonjezera pa kutithawitsira ochemerera, chikhoza kuika komiti yonse m'mavuto.

Sitikupempha sitediyamu. Pakufunika mitengo isanu ndi umodzi ndi chingwe cha mamita 40, kutchinga malo a ana ndi makolo awo. Malowo akhale mbali ya kumadzulo kwa bwalo kuti dzuwa lamasana liziwomba kumsana, ndiponso akhale kutali ndi ogulitsa mowa. Paimikidwe akuluakulu awiri ovala mabibu owala, mmodzi akhale mayi. Wofika ndi botolo kapena wotukwana m'kati mwa chingwecho atulutsidwe mwaulemu, ngakhale atakhala wa m'komiti. Ng'oma ziwiri ziikidwe komweko, nyimbo apeke anawo. Adzapeka zabwino kuposa zathu.

Za chimbudzi sitifuna kulankhula mozungulira. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inasandutsa National Heroes Stadium chipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mu Febuluwale m'malo mwa Januwale. Kholo limene linaona zimenezo silingatumize mwana kumalo kumene khamu la anthu limadzithandiza kuseri kwa mpanda. Chimbudzi cha pabwalo lathu chilibe chitseko. Chiikidwe chitseko chokhala ndi chokowera cha m'kati, mbali ya akazi ikhale payokha, ndipo panja pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo womangirira pa chingwe, chifukwa wosamangirira sachedwa kumera miyendo. Madzi akumwa muwerengere theka la lita pa mwana: ana 80 ndi malita 40, zigubu ziwiri za malita 20. Kolorini athiridwe monga zalembedwera pa botolo, ndipo padutse mphindi 30 munthu asanamwe. Cholakwika chachikulu ndi kapu imodzi yomizidwa m'ndowa ndi manja onse. Madzi azitsanulidwa kuchokera m'chigubu, mwana aliyense abwere ndi kabotolo kake.

Tsopano nkhani yaikulu, timu ya ana imene mwaimitsa. Madala amene ali pabwalo lero, ambiri a iwo anayamba ndi kutola mipira kuseri kwa golo, kunyamula chikwama cha majezi, kapena kusewera mu timu yaing'ono. Mmera mpoyamba. Mwana mmodzi wovala jezi ya timu amakoka mng'ono wake, anzake a m'kalasi ndi amayi ake amene sanapondepo pabwalo chibadwire. Mwaimitsa ana 25, koma makomo amene mwatseka ndi 25.

Mwati ndalama palibe. Tiyeni tione chimene chimafunikadi. Mipira isanu ndi umodzi, pampu ndi masingano ake awiri, mabibu 14 a mitundu iwiri, wezulo, ndi kabokosi ka mabandeji ndi mankhwala otsukira mabala. Makoni akasowa, mabotolo a maheu odzaza mchenga amagwira ntchito yomweyo. Minibasi siifunika ngati ana akusewera ndi matimu a masukulu ndi matchalitchi oyandikana nawo, kofikika ndi miyendo. Chimene chimadya ndalama mu timu yaikulu ndi maulendo ndi ndalama za osewera, ndipo ana safuna chilichonse mwa ziwirizi.

Pa mipira m'pamene timu zambiri zimalakwitsa. Wosakwana zaka 8 amafuna saizi 3, wa zaka 8 mpaka 12 saizi 4, ndipo saizi 5 ndi ya oyambira zaka 13. Mukapatsa mwana wa zaka 9 mpira wotsala kwa akuluakulu, wolemera ndi wosupuka, amaphunzira kumenya ndi chala chachikulu ndi kutsinzina ukamabwera kumutu, ndipo chizolowezicho chimavuta kuchichotsa. Mipira yatsopano nayo imafa msanga pa zifukwa zodziwika. Imapopedwa mpaka kuuma gwa kenako n'kumenyedwa pa bwalo la miyala, ulusi n'kuduka. Imasiyidwa padzuwa, imakhaliridwa ngati mpando, ndipo singano youma imang'amba kamphira ka pakamwa pake. Nyowetsani singano musanailowetse, mpira muupope mpaka pamene chala chikhoza kuubonyeza pang'ono, uliwonse muulembe nambala ndi dzina la timu, ndipo iwerengedwe poyamba ndi pomaliza pamaso pa anawo.

Musawaseweretse 11 kwa 11 pa bwalo lonse. Golo ya akuluakulu ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika, goloboyi wa zaka 10 amaoneka ngati nyerere pakhomo la tchalitchi, ndipo wopambana amangokhala amene ali ndi mnyamata womenya m'mwamba. Ena onse amathamanga ola lathunthu n'kukhudza mpira kanayi. Dulani bwalo pakati, theka lililonse lisewere 7 kwa 7 chopingasa. Kwa aang'ono kwambiri lidulidwe panayi, 5 kwa 5, ana 40 akusewera nthawi imodzi popanda wokhala pabenchi. Ngati mwawotcheretsa timagolo tachitsulo, tikhomeredwe pansi ndi zikhomo, chifukwa mwana sangaone chitsulo chopingasa osachilendewera, ndipo golo yosakhomera imamugwera.

Maphunziro a m'kati mwa sabata amavuta chifukwa masukulu ambiri a boma ali ndi ophunzira a m'mawa ndi a masana, makamaka chiyambire maphunziro aulere mu 2022 pamene makalasi anadzaza. Loweruka m'mawa ndiye nthawi yogwira ambiri, mphindi 75 zokwanira, ndipo theka lake likhale kusewera osati kuima pamzere. Ana a Sabata musawaiwale, iwo apatsidwe Lamlungu masana. Pa tsiku la masewero apakhomo, ana asewere 13:00, mphindi 20 mbali iliyonse, ndi kupumira madzi ngati ndi m'nyengo yotentha ya Okutobala. Akatha asabwerere kunyumba. Alowe m'bwalo atagwirana manja ndi osewera aakulu, ndipo asanu ndi atatu akhale otola mipira, awiri mbali iliyonse, mosinthana motsata buku lija kuti asamangokhala ana a m'komiti. Pa nthawi yopumula, ana asanu ochokera m'chingwe amenye mapenate kwa goloboyi wapabenchi. Mphindi khumi zokha, ndalama palibe, koma mwana amene wagoletsa pamaso pa komboni yonse mwamutenga.

Chimene chimapha timu za ana kuposa umphawi ndi kunama zaka. Mphunzitsi akafuna chikho msanga amabweretsa mnyamata wa zaka 19 wometa bwino, n'kumulemba 14. Ana enieni a zaka 13 amakhala pabenchi masabata atatu, sabata lachinayi sabwera, ndipo makolo awo amadziwa chifukwa chake. Kuli bwino kugonja 5 kwa 0 ndi ana enieni. Ndipo kulembetsa molongosoka kuli ndi phindu lina limene makomiti ambiri salidziwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulidwa kuchoka dziko lina kupita lina mgwirizano wake usanathe, magawo asanu pa 100 alionse a ndalamayo amagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma amalandira okhawo amene analembetsa mwanayo ku bungwe la mpira, kwathu kuno ku FAZ. Amene anangomuphunzitsa pakamwa sapeza kanthu. Patson Daka, amene anagoletsa pamene anyamata athu osapitirira zaka 20 anagonjetsa Senegal 2 kwa 0 pa Heroes mu 2017 ndipo anapita ku Leicester City mu 2021, anatulukira ku Kafue Celtic, osati ku timu yaikulu ya m'tauni. Sitikuti mulote ndalama za ku Ulaya, zotere zimachitika kamodzikamodzi. Tikungoti dzina la mwana lilembedwe pamene liyenera kulembedwa.

Pa chitetezo cha ana pasakhale kunyengererana. Kholo lisaine kalata yovomera. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda, m'galimoto kapena kunyumba kwake, ngakhale ndi mphunzitsi wodziwika bwanji. Nambala ya Childline, 116, ilembedwe pa khoma pamene ana onse aione.

Nanga atsikana? M'mapulani anu onse sitinamve akutchulidwa. Barbra Banda, wobadwira mu Lusaka momwe muno, anagoletsa zigoli zitatu kwa Netherlands ndi zitatu kwa China pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Africa. Chaka chomwecho Racheal Kundananji anagulidwa ndi Bay FC pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa wosewera wamkazi aliyense pa dziko lapansi. Copper Queens, timu ya dziko lathu ya akazi, inafika ku World Cup mu 2023. Atsikana a m'komboni muno mayina amenewa amawadziwa, koma pabwalo lathu amangofikapo kudzagulitsa mafrizi a amayi awo. Chimene chimawabweza ndi tinthu tating'ono. Palibe posinthira zovala. Palibe mayi wamkulu woti kholo limukhulupirire. Maphunziro amatha kutada. Makabudula oyera amachititsa mtsikana wosamba kujomba, kenako kusiyiratu. Gulani akuda kapena abuluu woderapo, ikani mapadi m'kabokosi kaja, ndipo atsikana azimasulidwa dzuwa likadalipo.

Za kulengeza tinena mwachidule. Tsamba la timu la pa Facebook linagona kalekale, ndipo amene anali ndi pasiwedi anasamuka. Perekani ntchitoyi kwa achinyamata atatu a zaka 16 mpaka 22, pasiwedi ikhale ndi anthu awiri, mmodzi wa m'komiti. Lachinayi alengeze masewero, tsiku la masewerolo aike mayina a osewera olembedwa molondola, ndipo zotsatira zituluke ola lisanathe. Kavidiyo ka chigoli kasapitirire masekondi 30, chifukwa mabandulo ndi odula ndipo kotalika sikatsegulidwa. Nkhope ya mwana isaikidwe popanda chilolezo cha kholo. Koma ana ambiri a pulayimale alibe foni, ndiye pepala la manila likadali mfumu: pageti la sukulu mutapempha a hedi, pa malo otungira madzi, pa babashopu, pa tuntemba ta kumsika.

Majezi nawo. Ku salaula mwana amapeza jezi ya Chelsea, koma ya timu ya kwawo sangaipeze ngakhale atakhala ndi ndalama. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kudinda malaya ambiri a saizi ya madala n'kutsala nawo m'katoni. Yambani ndi masaizi a ana, anthu alembetse ndi kupereka theka kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo ku nambala ya timu, osati ya munthu, ndipo mudinde okhawo alipiridwa. Amene sangakwanitse apatsidwe kansalu ka mitundu ya timu komanga pamkono. Mitunduyo isamasinthe ndi wothandiza aliyense watsopano. Mwana sangakonde timu imene chaka chino ndi yobiriwira, chamawa yofiira. Ndipo dzina la bala kapena la kampani ya kubetcha lisalembedwe pa chifuwa cha mwana. Pali kale ana a giredi 7 odziwa mitengo ya kubetcha kuposa matebulo a masamu, ife tisawonjezerepo.

Ndalama zichokera kuti? Choyamba pageti pomwepo. Popanda matikiti a manambala palibe angadziwe kuti alowa angati, ndipo kumene kulibe chiwerengero kumabadwa mphekesera. Buku la matikiti, owerenga ndalama awiri osachokera nyumba imodzi, ndi kulengeza zimene zapezeka anthu asanabalalike: makolo akaona zimenezi adzasonkha mosakakamizidwa. Chachiwiri, CDF, ndalama ya boma yotukulira madera, inakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo zopempha za m'dera zimadzera ku Ward Development Committee. Sitikulonjeza kuti mudzapatsidwa, koma chimbudzi ndi mpanda wa bwalo la anthu onse ndi zinthu zoyenera kupemphedwa, ndipo timu yopanda setifiketi yolembetsera, akaunti ya kubanki ndi maminitsi a misonkhano siifika ngakhale pakhomo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Muonenso mapepala a bwalo lenilenilo. Mabwalo ambiri mu Lusaka anadulidwa mapuloti anthu akuona, ndipo bwalo lodzaza ana Loweruka lililonse ndi lovuta kulilanda kusiyana ndi la madala makumi atatu.

Choncho, akuluakulu athu, tikupempha izi:

1. K10 ya ana ichotsedwe kuyambira masewero apakhomo akubwerawa. Osakwana zaka 13 alowe ulere, a zaka 13 mpaka 17 alowe ndi khadi la nambala.

2. Chikwapu chichoke pageti lero lomwe, ndipo mlonda auzidwe zimenezi ndi a Tcheyamani eniake.

3. Timu ya ana ibwezeretsedwe pasanathe masiku 30, ya anyamata ndi ya atsikana, ndi mipira ya saizi yoyenera, ndipo aliyense alembetsedwe ndi zaka zake zenizeni.

4. Malo a ana ndi makolo atchingidwe ndi chingwe mbali ya kumadzulo, opanda mowa, okhala ndi oyang'anira awiri.

5. Chimbudzi chiikidwe chitseko, ndipo madzi osamba m'manja ndi akumwa azipezeka pa masewero alionse mvula isanayambe kugwa.

6. Masewero aziyamba pa nthawi yolembedwa, ndipo ana azisewera 13:00 timu yaikulu isanalowe.

7. M'komiti mulowe achinyamata awiri osapitirira zaka 25, mnyamata ndi mtsikana, osankhidwa ndi anzawo, okhala ndi voti yofanana ndi yanu. Asakhale ongotumidwa kukagula madzi.

8. Ndalama za pageti zizilengezedwa tsiku lomwelo, ndipo gawo la timu ya ana lilembedwe palokha m'buku la a Msungichuma kuti lisamabwerekedwe pa maulendo a timu yaikulu.

Ifenso sitibwera chimanjamanja. Pakati pathu pali okonzeka kuphunzitsa ana Loweruka m'mawa popanda malipiro, amayi ovomera kuima pa chingwe, kalipentala wa chitseko chija, ndi telala wa mabibu. Chingwe ndi zigubu ziwiri tidzabwera nazo. Tikupempha kuti muitanitse msonkhano wa anthu onse pabwalo pomwepo pasanathe masiku 21, Lamlungu masana anthu atatuluka m'matchalitchi, ndipo mudzatiyankhe mfundo iliyonse payokha: imene mwavomera, imene mwakana, ndi chifukwa chake. Ana adzaloledwe kulowa pa msonkhanowo.

Ndife anu mu bola,

Makolo, osewera akale ndi ophunzitsa ana mpira a m'komboni muno